Nsomba Zikagwidwa ndi Chisanu

Kwathu ku Malawi, munthu akatchula nsomba maganizo amathamangira kumalo otentha: ku Mangochi, ku Nkhotakota, ku Nsanje, kumene ngakhale mu Juni ana amasambira dzuwa likakwera. Kuzizira timakuganizira pa makanda, pa anapiye, ndi pa tomato wa kudimba amene amapsa ndi chisanu. Si kawirikawiri kumva munthu akudera nkhawa nsomba kuti zizizidwa, popeza m'kuganiza kwathu cholengedwa chokhala m'madzi usana ndi usiku chinazolowera kale. Koma alimi a nsomba a ku Dedza, ku Ntchisi, ku Mchinji ndi kumtunda kwa Mzimba amadziwa zina. Ikafika miyezi ya Juni ndi Julayi amathira madeya padamu, madeyawo n'kumangoyandama mpaka madzulo. Nsomba zimakhala zatsikira pansi, zangoti duu, sizikudya ndiponso sizikukula.

Kuno ku Johannesburg, kumene ndakhala zaka 6 ndikugwira ntchito yofalitsa nkhani m'bungwe lina lothandiza magulu a m'makomboni kulima masamba ndi kuweta nsomba m'mathanki, nkhaniyi siithera pa kusadya. Kuno nsomba zimafa, ndipo thanki yonse ikhoza kutha usiku umodzi kapena uwiri. Mzindawu uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Ndiye kuti uli pamwamba kuposa tauni ya Dedza, komanso uli kutali kwambiri kummwera. M'nyengo yozizira masana kumawala dzuwa labwino, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe, koma dzuwalo likangolowa kuzizira kumagwa ngati mwala. Chidebe cha madzi chosiyidwa panja chimapezeka m'mawa chitachita khungu lolimba pamwamba. Abale athu ogwira ntchito m'magadeni a mabwana amadziwa kuti mipopi ya panja imayenera kukulungidwa ndi masaka, apo ayi imaphulika. Nthawi zina kumagwa ngakhale chipale chofewa, chimene ena amangoti sinowo, monga zinachitikira pa 7 Ogasiti 2012 ndi pa 10 Julayi 2023.

Tsono taganizirani za nsomba za mtundu wa chambo m'malo otere. Nsomba si ngati mbuzi kapena nkhuku, zimene thupi lake limadzipangira kutentha. Thupi la nsomba limatentha kapena kuzizira mofanana ndi madzi amene ilimo. Chambo, makumba, chilunguni ndi makakana zimakula bwino madzi akakhala pakati pa madigiri 25 ndi 30. Akatsika kufika cha m'ma 20 zimasiya kuswana, akafika cha m'ma 16 zimasiya kudya, ndipo akakhazikika pa 10 kapena 11 zimayamba kugona cham'mbali n'kufa. Palibe chodabwitsa pamenepa. Madzi a pamwamba pa nyanja ya Malawi amakhala pakati pa madigiri 23 ndi 29 chaka chonse, ndipo ngakhale pansi penipeni, pamene kuya kwake kumafika mamita 700, amakhala cha m'ma 22. Chilengedwereni chambo sichinalaweko chisanu.

Sabata imene kunagwa chipale chofewa mu Julayi 2023, gulu lina la amayi kummwera kwa mzinda uno linataya nsomba za m'mathanki awiri mwa anayi. Zinali makakana, mtundu umene umaloledwa mosavuta kuno chifukwa ndi wachibadwidwe m'mitsinje ya kum'mawa kwa dziko lino. Mathankiwo anali m'kanyumba ka pulasitiki konga kamene amalimamo tomato, ndipo anali ndi zotenthetsera madzi za magetsi. Koma 2023 chinali chaka chimene magetsi anazimazima kwambiri m'mbiri ya South Africa, ndipo anazima usiku umene ankafunika koposa. Nsombazo zinali zitatsala pang'ono kugulitsidwa, ndalama yake itawerengeredwa kale: ina ya chakudya cha nsomba zotsala, ina ya yunifomu za ana.

Amene amayang'anira malowo usiku ndi bambo wina wa ku Mangochi, wa zaka za m'ma 50, amene anakulira m'bwato cha ku Malindi asanabwere ku Joni kudzasaka ganyu. Nditapita kukaona zimene zachitika, ndinatsagana ndi mtsikana wa ku Manitoba, m'dziko la Canada, amene anabwera kudzathandiza bungwe lathu kwa miyezi itatu mongodzipereka. Pofuna kuchotsa zii amene analipo, mtsikanayo anatulutsa foni n'kuonetsa chithunzi cha bambo ake atakhala pa chidebe pakati pa chigwa choyera mbee, mbedza ili m'manja, chingwe chikulowa m'kachibowo pansi. Anati chigwacho ndi nyanja ya Winnipeg, imene kukula kwake sikusiyana kwenikweni ndi nyanja ya Malawi, ndipo kuti m'miyezi yozizira imaundana yonse pamwamba, mwina mpaka kukhuthala mita yathunthu, magalimoto n'kumayendapo.

Amayi aja anaseka, poganiza kuti mlendoyo akucheza. Bambo a ku Mangochi sanaseke. Anayang'anitsitsa chithunzicho nthawi yaitali, kenako n'kutembenukira kwa ine.

"Achemwali, tawafunsani alendowa. Ngati kuzizira kwake kukuumitsa nyanja yonse, chibowochi akachibowola sichitsekekanso?"

Funso la msodzi weniweni. Ndipo yankho lake linatitengera masana onse, ine ndikumasulira.

Chibowocho chimatsekekadi, ndipo ndiye nkhondo yaikulu ya msodzi wa kumeneko. Amachibowola ndi chitsulo chopota chonga sikuluwu yaikulu, kukula kwa chibowo kukhala masentimita 20 kapena kuposerapo pang'ono, ngati mbale ya ndiwo. Asanayende n'komwe panyanjapo amayamba waona kuti madzi oundanawo akhuthala masentimita osachepera 10, chifukwa kuchepera apo munthu amamira. Kunja kukakhala madigiri 20 kunsi kwa ziro, mphepo ikuomba, pamwamba pa chibowo pamayamba kuchita khungu pakangopita mphindi zochepa. Khungulo limagwira chingwe, nsomba ikadya nyambo msodzi osamva kanthu, ndipo m'mphepete mwake makuthwa amatha kudula chingwecho. Chida choyamba cha msodzi aliyense, tsono, ndi chipande chobowokabowoka chimene amayengulira tizidutswa ta ayezi, monga mayi amayengulira thovu pamphika wa nyemba. Koma kuyengula ndi ntchito yosatha. Munthu amene watchera m'zibowo zingapo sangakhale ndi chipande paliponse, ndipo chibowo chosiyidwa usiku chimapezeka m'mawa chitabwerera mwakale.

Apa ndi pamene pali nzeru imene inatigwira mtima. Asodzi odziwa sayesa kutenthetsa madziwo, amangowavundikira. Amadula chinthu chozungulira kuchokera ku thabwa, ku labala, kapena ku zoyera zopepuka zija zimene amatchingira nazo firiji yatsopano m'katoni, n'kuchicheka kampata kopitira chingwe, n'kuchiika pachibowo. Ambiri amakonda chakuda kuti chizikoka dzuwa. Kumbali yochokera mphepo amaunjika kachulu ka chipale chofewa. Akafuna kuti chibowo chigone mpaka mawa amaikapo thabwa n'kulikwirira ndi chipale chomwecho, chifukwa chipale chofewa ndi mpweya wokhawokha m'kati mwake, ndipo mpweya wosayenda ndi bulangete labwino kwambiri. Opeza bwino amamanga kanyumba kapena tenti pamwamba pa chibowo, n'kuyatsamo kachitofu. Pamadoko pamene pamakhala maboti amaikapo makina opopera mpweya pansi pa madzi, kuti thovu likamakwera lizikweza madzi ofundirapo a pansi n'kulepheretsa pamwamba kuundana.

Bambo aja anafunsanso ngati asodzi a matchera amaleka ntchito m'nyengoyo. Mtsikanayo anati ayi. Amabowola zibowo ziwiri motalikirana, n'kulowetsa kathabwa kamene kamakwawa kunsi kwa ayezi kakukoka chingwe kuchokera ku chibowo china kukafika ku chinzake, kenako n'kukokera ukonde pansi ndi chingwecho. Bambowo anapukusa mutu n'kunena kuti, "Njala imaphunzitsa anthu zofanana kulikonse."

Kuti nzeru ya chivundikiro imveke, m'pofunika kudziwa khalidwe lina la madzi limene ambiri tinaliphunzira kusekondale n'kuliiwala mayeso atangotha. Madzi amalemera kwambiri akakhala pa madigiri 4. Akazizira kupitirira apo amayambanso kupepuka, ndipo akaundana amapepukiratu, n'chifukwa chake ayezi amayandama m'kapu. Choncho nyanja imaundana kuyambira pamwamba, pansi n'kutsala madzi a madigiri pafupifupi 4 mmene nsomba za kumeneko zimakhala bwinobwino. Ayezi amene msodzi amalimbana nawo ndi chivundikiro cha nyanjayo. Iye akabowola amakhala watsegula khomo limene kutentha kochepa kwa m'madzi kumathawirapo, ndipo chilengedwe chimafulumira kulitseka.

Kutentha kumathawa pamwamba pa madzi m'njira zitatu zimene zimagwira ntchito limodzi. Mphepo yozizira imakunyamula ikamadutsa. Madzi akamauma n'kukhala nthunzi amapita nako kwambiri, monga mmene thukuta limaziziritsira thupi, ndipo mpweya wouma wa ku Johannesburg mu Julayi umamwa madzi mwaludzu. Njira yachitatu ndi imene alimi a kudimba amaidziwa ngakhale sangaifotokoze: usiku wopanda mitambo, chilichonse choyang'ana kumwamba chimataya kutentha kwake molunjika kuthambo. Agogo anga ku Bembeke ankayang'ana nyenyezi madzulo, zikawala kwambiri ndipo mphepo itadeka, ankatituma kukafunditsa nazale ndi udzu. Ankati chisanu chimatsika ndi nyenyezi. Sankalakwa.

Pali kusiyana kumodzi kwakukulu pakati pa msodzi wa ku Winnipeg ndi mlimi wathu. Msodziyo akufuna kuti madzi asafike pa ziro. Akakhala pa digiri imodzi iye wapambana. Ife nsomba zathu zimafa madzi akadali kutali ndi kuundana, ndiye ntchito yathu ndi yovutirapo. Munthu amene akudikira kuona ayezi pathanki kuti achitepo kanthu adzapeza nsomba zitafa dzana. Koma khomo lothawira kutentha ndi lomwelo, pamwamba pa madzi, ndipo kulitseka n'kotsika mtengo kuposa kugula moto wobwezeretsa zimene zathawa.

Gulu la amayi lija linachita zimenezi sabata yomweyo. Anatola zoyera zopepuka zija kuseri kwa masitolo ogulitsa mafiriji, n'kuzidula kuti ziziyandama pamadzi, zikuphimba magawo atatu mwa anayi a thanki. M'mbali mwa mathanki anakulungamo makatoni ndi mabulangete akale, pansi n'kuikapo matabwa kuti thanki isagunde simenti. Ziboo zonse za kanyumba ka pulasitiki anazimata, n'kuikanso pulasitiki wachiwiri m'kati, kusiya mpata wa mpweya pakati. Bambo a ku Mangochi anawonjezera zawo: anapeza migolo, n'kuipaka utoto wakuda, n'kuidzaza madzi, n'kuiimika m'kanyumbamo pamene dzuwa limagunda. Masana imamwa kutentha, usiku n'kumakutulutsa pang'onopang'ono. Zivundikiro amazichotsa dzuwa likakwera, n'kuzibwezera lisanapendeke kwenikweni, cha m'ma 4 koloko. Anaonanso kuti thanki yodzaza imachedwa kuzizira kuposa ya theka, monga mmene mphika waukulu wa phala umakhalira wotentha pamene la m'mbale lazizira kale. M'mathanki awiri otsalawo simunafenso nsomba chaka chimenecho.

Pali zinthu ziwiri za kwa anzathu a ku Canada zimene siziyenera kutengedwa mwachimbulimbuli. Choyamba ndi makina a thovu aja. Kwawo amathandiza chifukwa amakweza madzi a madigiri 4 kuti asungunule ayezi. Kwa ife, pampu imene ikukoka mpweya wozizira wa panja pakati pa usiku n'kumaupopera m'thanki ikuziziritsa madzi amene tikufuna kuwasunga ofunda. Nsomba zimafunabe mpweya, ndiye pampuyo isazimitsidwe. Ingoikidwa m'kati mwa kanyumba kuti izikoka mpweya wofundirapo. Pa chifukwa chomwechi chivundikiro chisatseke thanki yonse. Ngakhale kumaiko ozizirawo nsomba zimafa zambirimbiri m'nyanja zosaya pamene chipale chakwirira ayezi kwa miyezi, kuwala osalowa, zomera za m'madzi n'kusiya kupanga mpweya. Madzi otsekeredwa kotheratu amapha ngati chisanu chomwe.

Chachiwiri ndi moto. Pamene bambo aja anatchula zoika mbaula m'kanyumba ka pulasitiki usiku n'kugona momwemo kuti aziisonkhezera, nkhope ya mtsikana uja inasintha. Anati kwawo asodzi ena amafera m'matenti chifukwa cha mpweya wa poizoni wotuluka m'zitofu, mpweya wopanda fungo umene umagonetsa munthu tulo tosadzuka. Sitinafunike kupita ku Canada kuti timve zimenezi. Chaka ndi chaka m'nyengo yozizira a zangozi a mzinda wa Johannesburg amachenjeza anthu a m'tinyumba ta malata za mbaula yosiyidwa m'nyumba yotseka, ndipo Amalawi ambiri kuno amagona m'tinyumba totero. Palibe nsomba yoyenera moyo wa munthu, ndipo ndinawauza bambowo mosapita m'mbali kuti, "Bambo, mbaulayo ikalowa muno inu muzigona panja." Anaseka, koma anamva.

Mlimi wa kumudzi amene ali ndi damu lokumba la mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi anganene kuti zonsezi n'za anthu a mathanki, iye sangavundikire damu lonse. N'zoona. Koma damu lokumba lili ndi mwayi umene thanki ilibe: nthaka. Dothi la pansi silizizira msanga ngati mpweya, ndipo madzi akuya amasunga kutentha kwa dzulo. Vuto ndi lakuti madamu athu ambiri anakumbidwa kulekeza m'chiuno, matope n'kumadzaza chaka ndi chaka mpaka kulekeza m'mawondo, ndipo madzi amayamba kuphwera nthawi yomwe kuzizira kukufika. Damu lotero usiku umodzi wa nyenyezi limazizira mpaka pansi, nsomba osapeza kothawira. Kukumba mbali imodzi kuti ifike mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri kumapatsa nsomba chipinda chobisalamo. Alimi a ku Egypt, dziko limene limaweta nsomba za mtundu wa chambo zochuluka kuposa lina lililonse mu Africa, amakumana ndi chisanu chopha nsomba m'chigwa cha Nile, ndipo mbewu yawo amaidutsitsa nyengo yozizira m'maiwe akuya. Pamwamba pa mbali yakuyayo munthu akhoza kuyala nsungwi n'kuikapo mphasa, udzu kapena pulasitiki, kukhala chivundikiro cha ngodya imodzi yokha. Koma wina asayerekeze kubweretsa namasupuni kuti akhale chivundikiro chamoyo. Amene anaona mmene anatsekera mtsinje wa Shire, kapena damu la Hartbeespoort kumpoto kwa mzinda uno, safuna kuuzidwa kawiri.

Kachulu kotchinga mphepo kaja nakonso kali ndi mnzake kwathu: mpanda wa udzu, mzere wa nthochi kapena nzimbe. Apa chilengedwe chinatikomera mtima. Mwera ndi chiperoni zimachokera kummwera ndi kummwera chakum'mawa, pamene dzuwa la Juni ndi Julayi limadutsa chakumpoto. Ndiye kuti mpanda womangidwa kummwera kwa damu umatchinga mphepo popanda kuchititsa mthunzi pamadzi. Mitengo imene ili kumpoto ndi kum'mawa kwa damu ndiyo yofunika kuisadzira, kuti dzuwa la m'mawa lifike msanga. Ndaona madamu okongola kwambiri pachithunzi, ozunguliridwa ndi mitengo mbali zonse, amene mu Julayi saona dzuwa mpaka 10 koloko.

Za madzi olowa m'damu zimafuna kuganiza pang'ono. Madzi a mumtsinje wotsika m'phiri amakhala ozizira kwambiri m'bandakucha, ndiye ngalande itsekedwe usiku n'kutsegulidwa masana. Koma madzi a kasupe otumphuka pansi sasinthasintha chaka chonse, ndipo m'mawa wa Julayi amakhala ofunda kuposa a m'damu. Amene ali ndi kasupe ali ndi chotenthetsera chaulere. Chakudya chichepetsedwe ndipo chiziperekedwa masana dzuwa litatenthetsa madzi, popeza madeya osadyedwa amaola n'kudya mpweya umene nsomba zikufuna. Khoka lisalowe m'damu popanda chifukwa. Nsomba yozizidwa ikakhuzuka mamba, bala lake silipola msanga.

Mfundo yomalizayi ili ndi kulemera kwake masiku ano. M'nyengo yozizira ya 2020 ku Mchinji kunabuka matenda a zilonda za nsomba amene akatswiri amawatchula mwachidule kuti EUS, omwe anali atatsimikizidwa kale mumtsinje wa Zambezi mu 2007. Amayamba ndi kachilombo ka mtundu wa chuku kamene kamalowera pabala, ndipo amakonda nthawi imene madzi azizira chifukwa chitetezo cha m'thupi mwa nsomba chimakhala chafooka. Choncho ngakhale kumadera kumene kuzizira sikufika popha nsomba mwachindunji, kumatsegulira matenda khomo. Mlimi akaona zilonda zofiira pa nsomba zake adziwitse alangizi a zansomba msanga, ndipo asabwereketse khoka lake kudamu la mnzake.

Tsopano ndinene za ife a mabungwe, popeza ndi kumene ndimadyera. Ntchito yanga imandipititsa ku miyambo yambiri yothira mbewu ya nsomba m'madzi. Ndi tsiku lokoma kujambula: amayi akuimba, mfumu kapena khansala akutsanula chidebe, tinsomba tikubalalika. Koma tsiku limeneli kawirikawiri limasankhidwa ndi kalendala ya opereka ndalama. Ndalama zikafika mochedwa ndipo lipoti likufunika pakutha pa Juni, mbewu imagulidwa mu Meyi n'kuthiridwa m'madzi amene akuzizira tsiku ndi tsiku. Tinsombato timakhala miyezi itatu osakula, tina n'kufa, ndipo pofika Seputembala anthu amakhala atagwa ulesi, akunena kuti ulimi wa nsomba ndi bodza. Palibe amene amabwera ndi kamera pa tsiku loyengula nsomba zakufa. M'madera ozizira mbewu iyenera kulowa m'madzi kukayamba kufunda, mu Seputembala kapena Okutobala, kuti ikule m'miyezi yotentha n'kukololedwa chisanu chisanafike, m'damu n'kutsala makolo okha osungidwa kumbali yakuya. Akatswiri a ku Domasi ndi a ku Bunda zimenezi amazidziwa bwino. Chofunika n'chakuti afunsidwe bajeti isanalembedwe, ndipo wogwira ntchito kumudzi akhale ndi mphamvu yonena kuti mbewu idikire.

Chimodzimodzinso ndi zipangizo. N'kosavuta kulemba m'pempho la ndalama kuti tigula zotenthetsera madzi za magetsi, chifukwa zili ndi mtengo ndi lisiti. Makatoni, mabulangete akale ndi migolo yakuda zilibe lisiti, ndiye sizioneka ngati chitukuko. Komatu chotenthetsera choikidwa m'thanki yosavundikira chili ngati kutunga madzi ndi dengu. Ngakhale kuzima kwa magetsi kunachepa kwambiri kuno kuyambira mu 2024, bilu yake yokha ikhoza kudya phindu lonse la nsomba. Ndipo pamalo ena funso loyenera ndi la mtundu wa nsomba. Mlamba umapirira kuzizira kuposa chambo, moti umapezeka mwachibadwidwe ngakhale mumtsinje wa Vaal, ngakhale kuti nawo umasiya kukula. Pamalo ozizira kwenikweni pali nsomba zake, monga trout imene azungu anabweretsa paphiri la Zomba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo lero imawetedwa m'damu la Katse ku Lesotho. Koma imeneyo imafuna madzi oyenda, oyera, ndi chakudya chodula, si ya damu la kuseri kwa nyumba.

Pa zipangizo zonse zogula, chimene ndingalimbikitse gulu lililonse kukhala nacho ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa madzi, kamene mtengo wake sufika pa wa nkhuku. Dzanja limanama: madzi a madigiri 13 ndi a madigiri 17 onse amangomveka ozizira, pamene kwa nsomba ena ndi njala chabe, ena ndi khomo la imfa. Bambo a ku Mangochi amayeza kawiri patsiku, m'bandakucha ndi cha m'ma 3 koloko masana, atamiza mkono kulekeza m'chigongono, n'kulemba m'kope la ana a sukulu. Kopelo ndi limene linawaonetsa kuti usiku woopsa si wa mitambo ndi mphepo umene anthu amadandaula nawo, koma wotsatira wake, mitambo itachoka, kunja kutadeka, nyenyezi zili ngwee. Akaona nambala ya m'mawa yafika pa 15 amasiya kudyetsa n'kuwonjezera mabulangete. Ikafika pa 13 amaimbira foni tcheyamani wa gulu, kaya ndi usiku.

Chaka chilichonse mkangano umabuka mu Seputembala. Mitengo ya mapichesi ikachita maluwa, anthu n'kuvula majuzi, amayi a gululo amafuna kuchotsa zivundikiro ndi pulasitiki wachiwiri uja kuti masamba apeze kuwala kokwanira. Bambowo amakana. Anamva kwa achikulire a kuno kuti chipale chofewa chochuluka chimene amachikumbukira mumzinda uno chinagwa pa 10 Seputembala 1981, anthu atalongedza kale mabulangete. Iwo zivundikiro zawo amazichotsa mitengo ya jakaranda ikachita maluwa, mu Okutobala.